Dzino Silinamizira Munthu

Panali munthu wina wokalamba, wosoka nsapato pamsika. Anali ndi mdzukulu wa zaka khumi ndi zisanu, dzina lake Mwandida. Mtsikanayo anayamba kuonda. Ankadya ndi anzake mbale n'kuyera, koma thupi linkangosungunuka ngati sopo woiwalidwa m'madzi.

Anamuyezetsa magazi, osapeza kanthu. Anamupempherera, osasintha. Kenako woombeza ula anati, "Akumudya ndi wapakhomo pomwepo." Maso onse anagwera pa nkhalamba ija. Ana ake enieni, amene anawaphunzitsa sukulu ndi singano ndi ulusi, anamuletsa kupondanso pakhomo pawo.

Tsiku lina Mwandida dzino linamuwawa. Amayi ake anapita naye kwa dokotala wa mano kuti akangolizula.

Dokotalayo anali mayi wa mawu ochepa. Analowetsa kagalasi m'kamwa, n'kuona kuti mano akutsogolo adyeka kuseri, asalala ngati miyala ya mumtsinje. Anagwira dzanja la mtsikanayo, napeza zipsera pa mfundo za zala. Anaika pansi chozulira mano.

"Mwanawe, shuga sadya mano chonchi. Awa ndi madzi owawasa a m'mimba. Ukatha kudya umapita kuti?"

Mwandida analira. "Kuseri kwa bafa. Ndimadzisanzitsa. Kusukulu ankanditcha thumba la chimanga."

"Ndiye si agogo ake?" anafunsa amayi aja.

"Agogo ake alowapo bwanji, mayi? Awa ndi matenda, ndipo amachizika. Mukanachedwa, mtima ukanaima."

Tsiku lomwelo dokotalayo analemba kalata yotumiza Mwandida kwa madokotala ena ndi kwa aphungu a za maganizo.

Pofika nthawi yokolola, masaya a Mwandida anali atabwerera. Anayenda yekha mpaka kumsika, dzuwa lili paliwombo, anthu onse akuona. Anakhala pa benchi ya agogo ake, nadya nawo chinangwa chootcha. Atatha kudya, sanadzuke kupita kuseri kulikonse. Anangotenga ulusi n'kuwalowetsera m'singano.

Inu amene mukundimva, mwana akamaonda musathamangire kuloza imvi. Mumadzitcha ophunzira, koma mukasowa yankho mumasaka mfiti, ndipo mfiti yanu nthawi zonse ndi munthu wosauka wosadziwa kulemba. Pitani nayeni mwanayo kwa wodziwa mano, akamuyang'ane kuseri kwa manowo. Lilime limabisa, ula umanama, koma dzino silinamizira munthu. Mwanayo ali moyo, nkhalambayo dzina lake layera. Kupepesa kwanu kochedwako khalani nako.