Khansala wa Jekete Yobwereka

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene mwamuna wake ankadwala mphumu. Chipatala chinali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mlatho wa matabwa wopita kumeneko unali utakokoloka ndi madzi. M'chilimwe anthu ankangowoloka pamchenga. Koma dzinja likayandikira, Nangondo ankayang'ana mitambo ndi mantha, chifukwa mtsinjewo ukadzaza panalibenso njira.

Atakula kale, mayiyu analowa sukulu ya kwacha. Mlangizi wa kumeneko sankaphunzitsa zilembo zokha. Ankauzanso ophunzira kuti khansala ndi wantchito wawo, poti anamulemba ntchito okha pa tsiku la chisankho, ndipo mwini ntchito amaloledwa kufunsa. Ophunzira ankavomera, koma m'maso mwawo munkaoneka mantha. Ndiye mlangizi anati apange sewero, kuti pakamwa pazolowere.

Telala wa pamsika, bambo Zakeyu, anabwereka jekete, naunjika nsanza pamimba, nasanduka khansala. Nangondo anasankhidwa kukhala wofunsa. Poyamba ankafunsa mwamantha. Koma munthu amene amakusokera zigamba sungamuope nthawi yaitali. Posakhalitsa ankaimirira chitenje chili m'chiuno, n'kumuloza chala.

"Bwana, mlatho munalonjeza uja uli kuti? Amuna anga akadzabanika mtsinje utadzaza, ndidzawawolotsa pamsana panu?"

Zakeyu ankasisita mimba yake ya nsanza, n'kumayankha mwachibwibwi, ndipo anthu ankafa nako kuseka. Nangondo ankabwerera kunyumba mtima uli myaa, ngati watula mtolo wa nkhuni. Mlatho kunalibe, koma iye ankamva ngati nkhani yafika kwa mwini wake.

Kenako kunabwera uthenga woti khansala weniweni adzayendera sukuluyo. Anthu anasesa bwalo, nabwereka mipando kutchalitchi. Ndipo poti kwathu kuno mlendo wolemekezeka salandiridwa opanda chomusangalatsa, anagwirizana zomuonetsa sewero lija. Mlangizi anawachenjeza kuti sewero ndi kunola khasu chabe, kulima kukadali m'tsogolo. Onse anagwedeza mitu, koma maganizo anali pa nyimbo yolandirira alendo.

Tsikulo Nangondo anasewera kuposa masiku onse. Khansala anaseka mpaka kupukuta misozi. Anawomba m'manja, anagwira Zakeyu chanza, namuuza kuti mimbayo aichepetseko. Anayamikira kuti mudziwo uli ndi anthu aluso. Atatero anakhala pansi, nayang'ana wotchi yake.

"Makolo anga, alipo ali ndi funso kapena dandaulo?"

Bwalo lonse linati zii. Mlangizi anaponya diso kwa Nangondo. Nangondo anayang'ana jekete ya mlendoyo, naona kuti iyi sinali yobwereka. Mtima wake unayamba kumunyengerera. "Amva kale. Kubwereza mawu kwa munthu wamkulu ndi mwano. Komanso aseka nafe bwinobwino, ndiye ndiwachititse manyazi pagulu?" Anakonza chitenje chake, anaweramitsa mutu, nangokhala duu. Galimoto itanyamuka, woyamba kuimba nthungululu anali iyeyo.

Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Patapita masiku, Nangondo anamva kuti khansala ankauza anzake kuti kumudzi kuja anthu ndi okondwa, palibe anadandaula kanthu. Mlatho wa chaka chimenecho unakamangidwa kumudzi wina, kumene anthu sanamupatse sewero koma anamupanikiza ndi mafunso mpaka thukuta.

Mvula inagwa yambiri. M'mawa wina mwamuna uja anabanika. Anamunyamula pamachira mpaka kumtsinje, napeza madzi atasefukira, akukokolola mitengo. Denga la chipatala linkaoneka bwinobwino kutsidyako. Anamugoneka pamtunda kuti adikire madzi aphwe.

Mmodzi mwa onyamula machirawo anali Zakeyu. Nangondo anakhala pamatope, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo yake, akumva mpweya ukucheperachepera. Kenako anadzutsa mutu, nayang'ana telala uja, nanena motsitsa mawu:

"Bwana, mlatho munalonjeza uja uli kuti? Ndiwawolotse pamsana panu?"

Panalibe amene anaseka. Zakeyu, amene tsikulo anali m'malaya ake ong'ambika, anangoyang'ana pansi. Madzi anaphwa dzuwa litapendeka, koma panalibenso chifukwa chowolokera. Machira anabwerera kumudzi atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu.

Abale anga amene mwakhala pa mabenchi a sukulu ya kwacha ino, chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti Nangondo sanali mbuli. Ufulu wake ankaudziwa, funso analoweza, ndipo mwini yankho anakhala patsogolo pake n'kumupatsa mpata. Ambiri a ife tili chimodzimodzi. Pansi pa mtengo uno timalankhula ngati mikango. Pamjigo ndi pabawo timaweruza boma lonse, poti kumeneko kulibe wotiyang'ana m'maso. Tikatero mtima umapepuka, n'kumayesa kuti tachitapo kanthu. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife timabuula tili m'nyumba, chitseko chili chitsekere.

Ndakhala ndikuphunzitsa anthu kufunsa, ndipo ndaona ambiri akufunsa jekete yobwereka molimba mtima. Ofunsa jekete yeniyeni ndawaona ochepa kwambiri. Mwezi wa mawa kubwera alendo kudzaona sukulu yathu ino, ndipo ndamva kuti ena mwayamba kale kukonzekera nyimbo. Mtsinje wathu nawonso ulibe mlatho, ndipo mitambo mukuiona nokha.