Elube ndi Munda wa 0.25

Kalekale, m'mudzi wina wa m'dambo lolima mpunga, munali akazi awiri apachibale, Elube ndi mng'ono wake Sofeleti. Elube anakulira kumunda osapita kusukulu, pomwe Sofeleti anaphunzirako. Zimenezi zinkamuwawa Elube.

Amayi awo atamwalira, amalume awo anaitana mlangizi wa zaulimi kudzayeza dimba. Elube, poti anali ndi ana asanu, anamupatsa mbali yaikulu. Papepala lake analembapo mahekitala 0.5. Pa la Sofeleti analembapo 0.25.

Elube anayang'ana lake, anayang'ana la mnzake, anayang'ananso lake.

"Amalume, ine 5, uyu 25? Sukulu ndi yake, munda ndi wakenso?"

"Mwana wa mlongo wanga, waukulu ndi wako," anatero amalume.

"Kuwerenga sindidziwa, koma 25 ndimamudziwa."

Sofeleti anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achemwali, simukukaona kadonthoko? Nambala imalemera ndi mpando umene yakhalapo. Dulani hekitala magawo khumi. Mpando woyamba kuseri kwa kadontho umawerenga magawo amenewo. Inu muli nawo asanu, ine awiri. 5 wangayu ali pampando wachiwiri, wa tizidutswa. Ndi theka chabe la gawo limodzi."

Mawuwo anali oona, koma Elube anangomva kusekako.

"Ngati wako ndi waung'ono, tisinthane."

"Achemwali, mudzalira."

"Tisinthane!"

"Tiyeni tikaone kaye zikhomo kumundako."

"Ndati tisinthane!"

Amalume anachonderera, mlangizi anachonderera, mwamuna wake wa Elube anachonderera. Elube anangoti onse agwirizana. Pamapeto pake anadinda chala, mapepala anasinthana manja, ndipo Elube anapita kwawo akuimba.

Mvula itagwa, aliyense anatenga mbande zake kukawokera. Elube anawokera tsiku loyamba, tsiku lachiwiri, tsiku lachitatu wafika pachikhomo. Munda watha, mbande zatsala mulu. Atadzutsa mutu anaona Sofeleti ali kutali, akadawerama, malo akadalipo.

Elube anakhala pamzere wa malire, matope ali m'miyendo, nayamba kuwerenga mapazi ndi maso. Munda umene anautaya unali minda iwiri ya umene anaulanda.

"Sofeleti," anaitana chapansipansi, "kadontho kaja kamatani?"

Ulendo uno Sofeleti sanaseke. Anatsika, najambula pamatope ndi chala. Analemba 0.25, pansi pake 0.50, madontho atayang'anizana.

"Muziyamba ndi mpando woyamba, achemwali. Pano 2, apa 5."

"Ndiye wanga unali 50?"

"Unali 50."

"Bwanji sunandilembere chonchi tsiku lija?"

Sofeleti anatola mbande zotsala zija, nazipereka m'manja mwa mkulu wake.

"Pepala labwerera kale ku ofesi, silisintha. Koma kumapeto uko sindinawokere. Kawokereni, ana adye."

Elube anapita. Chaka chimenecho, ndi zaka zotsatira, ankalima mongobwereka pamunda umene unali wake.

Ndiye inu omvera, nambala musamaione kutalika, muziona pamene yakhala. Nsanje imatseka makutu, n'zoona. Komanso wodziwa akamaphunzitsa akuseka, amathandiza kuwatseka. Elube analakwa, Sofeleti nayenso sanayere.

Nthano yanga yafika pachikhomo, yathera pomwepa.