Chiliza cha Bambo a Phineas

Phineas Mbewe ankakonza mawailesi pakhonde pake ku Sizinda, ndipo ankakhulupirira manja ake kuposa pakamwa pa munthu aliyense. Chaka chomwe banja linagwirizana zomanga chiliza pamanda a bambo ake, omwe anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, panabuka vuto. Mitumbira ya mbali imeneyo inali itafafanizika, ndipo tizitsulo ta mayina tinali titamira m'dothi.

Mkazi wake Dorah anamuuza kuti akafunse azakhali ake a Ketty ku Makokoba, dera lina la tauni yomweyo, poti ndiwo ankalambula mandawo kale. Phineas anakanitsitsa. Chikanganirane pamaliro a mayi ake, iye ndi a Ketty sankamwerana madzi. Iye anati apanga yekha chipangizo chofufuzira zitsulo pansi.

Anakulunga waya wamkuwa pachivundikiro cha ndowa, n'kulumikiza ku kawailesi kakale ndi batire, zonse n'kumangirira ku mtengo wa tsache. Magetsi akazima ankadikira, akayaka n'kuwotcherera. Panatha sabata zitatu chisanalire.

Chitayamba kulira, sichinkasankha. Chinkalirira misomali, zitini, ngakhale zotsekera mabotolo. Loweruka lililonse Phineas ankabwerako kumanda msana ukuwawa, nsapato zili mbuu, osafuna n'kulankhula komwe. Loweruka lachisanu anafukula kachitsulo kadzimbiri, dzina litadyeka, chakufupi ndi pomwe ankakumbukira. Anali atatopa kwambiri, choncho mtima unangoti ndi pomwepa. Chiliza chinamangidwa.

Tsiku lochionetsa kwa abale, a Ketty anatulukira ndi ndodo yawo, osaitanidwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamasula kampango n'kutulutsa kachitsulo kena. Dzina la mchimwene wawo linkawerengeka bwinobwino.

"Ndinakazula ndekha, mntanami, chaka chomwe akuba zitsulo anavuta," anatero motsitsa mawu. "Kakhala kunsi kwa bedi langa zaka zonsezi. Bambo ako ali uko, mizere iwiri kumunsi, pomwe ndinadzala khonje. Amene wamumangirayu sindikumudziwa."

Nyimbo yomwe abale ankayimba inathera pakamwa. Phineas anakhala pansi pafumbi, maso ali pakhonje lomwe analilambalala kasanu konse chifukwa chipangizo chake sichinalire pamenepo. Kuchoka ku Sizinda kukafika ku Makokoba ndi ulendo wosatha n'komwe ola limodzi, koma ndi umene unamukanika. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.