Mtolo wa Sandalamu

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi munthu amene anayamba kuunena. Uwu umene ndikufotokozereni unachokera m'mudzi wina wa m'chigwa, pafupi ndi mtsinje wokonda kusefukira.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Sandalamu. Mkazi wake, Nangondo, anafa miyendo atadwala nthawi yaitali. Madzi akasefukira, anthu onse ankathawira kuphiri, ndipo amene ankabereka Nangondo anali mlongo wake Kamanula, munthu wa ntchito ya mtengatenga. Koma chaka china Kamanula anaitanidwa ku ulendo wautali, wobwerako mvula itatha.

Sandalamu anali wowonda, manja ngati bango. Nkhawa itamukulira, anapita kumtsinje n'kusankha mwala wolemera ngati mkazi wake kuti adziyese. Anawerama n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Msana unalira, mwala osasuntha, ndipo anagona masiku anayi.

Kamanula pobwera kudzatsazika anamupeza pamphasa.

"Alamu, mukufuna kudzipha?" anafunsa Kamanula.

"Nanga nditani? Madzi akabwera, aliyense amanyamula ana ake. Mlongo wanuyu ndidzamusiyira ndani?"

"Kwatsala miyezi isanu," anatero Kamanula. "Mukachira, mumange nkhuni zisanu, mukwere nazo phiri n'kutsika nazo. Pakapita masiku awiri, muwonjezere imodzi. Imodzi yokha. Ponyamula muzipinda mawondo, msana uwongoke. Muzidzikokanso panthambi ya mtengo, ndipo mukazolowera, mumange kamwala m'chiuno."

Sandalamu anayamba. Anthu ankaseka poona munthu akukwera phiri ndi nkhuni n'kubwerera nazo zomwezo. Iye sankawamva, chifukwa maso ake anali kumwamba. Kamtambo kakangooneka, mtima unkamugunda.

Mwezi wachitatu, mtolo unali usanafike ngakhale theka la kulemera kwa Nangondo. Tsiku lina mabingu atamveka kutali, anatola nkhuni khumi kuti aziwonjezere nthawi imodzi. Nangondo anamuona ali pamkeka pakhonde.

"Abambo, bwezani zimenezo," anatero. "Mukathyoka msana, tifa tonse awiri."

"Nthawi yatha, Nangondo. Simukumva mabinguwo?"

"Ndikuwamva. Ikani imodzi."

Sandalamu anaika imodzi. Mvula inayamba, chimanga chinamera, iye osaleka. Mtolo unakula mpaka unkafuna luzi lachiwiri, ndipo oseka aja anatonthola.

M'mawa wina, mvula itagwa masiku atatu osakata, kunamveka mkokomo kuchokera kumtsinje. Anthu anatuluka akuthamanga, ana ali kumsana ndi m'manja. Sandalamu anapinda mawondo, anamanga mkazi wake kumsana ndi nsalu ziwiri, n'kudzuka. Potuluka pakhomo, madzi anali atafika kale m'akakolo, ndipo asanafike patsinde pa phiri anali m'mawondo.

Njira inali yoterera. Chapakati mpweya unamuthera, ndipo anagwira chitsa kuti asagwe. Nangondo anacheuka n'kuona denga la nyumba yawo likuyandama.

"Ndisiyeni pano, abambo, mupume," anatero Nangondo chapansipansi.

"Gwiritsani," anayankha Sandalamu, n'kuponyanso phazi.

Anafika pamwamba n'kumutsitsa bwinobwino pansi pa mtengo. Anthu anawazungulira, ndipo wina anafunsa kumene munthu wowonda ngati iye anatenga mphamvu zotere. Mpweya utabwerera, Sandalamu anati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Ndi mmene mwambiwu unayambira. Ukutiphunzitsa kuti chinthu chachikulu chimamangidwa ndi tizidutswa tating'ono towonjezera tsiku ndi tsiku, kaya ndi mphamvu za thupi, nzeru za kusukulu kapena luso la manja. Mantha amatikakamiza kusenza zonse lero lomwe, koma wochita zimenezo amathyoka tsiku lofunika lisanafike.