Moni wa theka

Panali munthu wina wokalamba amene ankakhala ndi ana ake awiri, wamwamuna ndi wamkazi, m'mbali mwa msewu wopita kuchigayo. Mkuluyo anadwala nthenda ya kuiwala. Mayina a adzukulu anamuthawa, nsapato ankazifunafuna atazivala. Koma moni sanauiwale. Ankakhala pakhonde n'kumalonjera aliyense wodutsa, ndipo munthuyo akamabwerera ankamulonjeranso ngati mlendo wochokera kutali.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ankamuseka. "Agogo, moni wa lero mwandipatsa kale. Uwu ndi wa mawa?"

"Sungani mayi," ankayankha mkuluyo, "moni suwola."

Mwana wamwamuna uja zinkamuchititsa manyazi. Anati anthu akuwaseka. Ananyamula mpando wa bambo ake n'kukauika kuseri kwa nyumba, pamthunzi wabwino, moyang'anana ndi khola la nkhuku.

Mkuluyo sanadandaule. Anangoti phee. Phala ankangolilawa, ndipo malaya anayamba kumukulira. Mwana wamwamuna anati, "Ndi ukalamba umenewo. Bola akhazikika."

M'mawa uliwonse mwana wamkazi ankagwada n'kufunsa, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Yankho linkabwera ndithu: "Ndadzuka bwino." Tsiku lina anapezeka akadali chogwada, akudikira kanthu kena. Apo m'pamene anazindikira. Kale bambo ake, ngakhale atamuiwala dzina, ankabweza kuti, "Kaya inu, mayi?" Tsopano mawu amenewo kunalibe.

"Achimwene, bambo sakubweza moni."

"Aiwala. Si ndiye matenda awo?"

"Aiwale theka, theka lina asunge? Ayi achimwene. Ine ndikuona ngati asiya kufuna kudziwa za anthu."

Mwana wamkaziyo anatengera bambo ake kuchipatala. Namwino anafunsa, "Muli bwanji, agogo?"

"Ndili bwino."

Namwinoyo anamwetulira, natembenukira kwa mwana wamkazi. "Limenelo ndi yankho la pakamwa. Ndiuzeni inu amene mumakhala nawo. Akudya? Akugona? Zimene ankazikonda akuzikondabe? Zinayamba liti?"

Iye anayankha zonse bwinobwino. Atafika pa funso lomaliza anakumbukira tsiku limene mpando unasamuka.

Namwino anati, "Kuiwala ndi nthenda ina, kukhumudwa kosatha ndi nthenda inanso, ndipo zimatha kugwira munthu mmodzi. Yoyambayo sitingaichotse. Yachiwiriyi imathandizika." Anawayeza agogowo, nawauza tsiku loti abwerenso.

Atafika kunyumba, mwana wamkazi sanafunse munthu. Ananyamula mpando uja pamutu, nakauika pakhonde.

"Nanga anthu?" anafunsa mchimwene wake.

"Aseke. Ine ndikufuna bambo adye."

Sizinasinthe tsiku lomwelo. Nzeru zokumbukira sizinabwerere, ndipo nsapato ankazifunabe atazivala. Koma pang'ono ndi pang'ono mbale inayamba kubwerera kukhitchini yopanda kanthu. Madzulo ena mwana wamwamuna akuchokera kuntchito, bambo ake anamuimitsa pakhonde pomuyesa mlendo, namufunsa za kumene akuchokera ndi za mvula ya kwawoko. Iye anatsamiritsa njinga pakhoma, anavula chipewa, nakhala pansi kuwayankha zonse.

Inu amene mukusunga kholo loiwala, musakhutire ndi "ndili bwino". Pakamwa pa munthu wamkulu panazolowera ulemu, pamayankha pokha ngakhale mumtima muli mdima. Ife amayi timadziwa kuti mwana akangoti zii timathamanga kukaona chimene chavuta. Nanga kholo likati zii, bwanji timati lakhazikika? Yang'anani chimene lasiya kuchita, mukachinene kuchipatala, poti lokha silingathe kudzinenera.