Nkhoswe ya Nachisale

Panali munthu wina amene abale anamusankha kukhala nkhoswe ya banja la mlongo wake, Nachisale. Anali munthu wosakondera, wodziwa kumva nkhani mpaka pamapeto.

Mwamuna wa Nachisale anali mkamwini pamudzipo, ndipo ankamenya mkazi. Nachisale akabwera ndi diso lotupa, nkhoswe ija inkaitanitsa mlamu wakeyo, n'kumukhazika pansi, n'kumuuza mosapita m'mbali kuti walakwa. Mlamuyo ankawomba m'manja n'kupepesa. Kupepesa kokha ankakutha, ameneyo. Kenako awiriwo ankabwerera kunyumba, njira imodzi.

Zitachitika kangapo, nkhoswe inapita kwa akuluakulu a banja kukapempha mphamvu yoti mlamuyo akadzamenyanso, idzamuchotse pamudzi. Akuluakulu anakana. Anati munthu mmodzi akamamva mlandu yekha, kuweruza yekha, kulanganso yekha, tsiku lina adzathamangitsa wosalakwa chifukwa chongodana naye. Musawaseke, mawu awowo anali ndi nzeru.

Patapita nthawi Nachisale anasiya kubwera. Nkhoswe inasangalala, n'kumauza anthu kuti banja lija linakhazikika.

Tsiku lina inakumana naye akuchokera kuchigayo. Anali atasenza thumba la ufa, akuligwira ndi dzanja limodzi. Linalo anali atalimangira pachifuwa ndi chitenje.

"Mlongo, bwanji osabwera kudzandiuza?" inafunsa nkhoswe.

"Achimwene, mukanamuuza chiyani? Kuti walakwa? Amadziwa kale. Ndikabwera kwa inu, pobwerera amandimenyanso chifukwa chomuneneza. Ndinaona kuti bola kumenyedwa kamodzi."

Nkhoswe inangomulandira thumba lija, n'kumayenda pambuyo pake.

Inu amene mukukangana zoti mabungwe oona za ufulu wa anthu apatsidwe mphamvu yolanga kapena ayi, ine nkhaniyi imandipweteka mumtima. Mantha a akuluakulu aja ndi oona. Wopatsidwa mphamvu yolanga amafunika womuyang'anira. Ndiye m'pezereni womuyang'anirayo, koma musamusiye chimanjamanja. Munthu akakadandaula amakhala atadziika poyera, ndipo akachoka pamenepo amabwerera kwa yemwe wamuneneza uja: kwa mwamuna, kwa bwana, kwa womusunga m'ndende.

Tsono bungwe likadzakuuzani kuti chaka chino odandaula achepa, musafulumire kuwomba m'manja. Mwina angoona kuti kupita kumeneko kumawawonjezera mabala.