Mfuti Yamaluwa ya a Hufnagel

Garaja ya a Orrin Hufnagel inaiwala kalekale maonekedwe a galimoto. Munali matabwa okhaokha, utuchi wofika m'akakolo, ndi mbaula ya nkhuni imene inkafuka utsi kuposa kutenthetsa. Zaka makumi anayi bamboyu anakhala akupala mitengo, moti m'chigwa chawo chonse, kumapiri a Pennsylvania, munalibe nyumba yopanda mpando kapena kabati yotuluka m'manja mwawo. Luso analidi nalo, tisawanamizire. Vuto linali lakuti iwo eni ankalidziwa kwambiri lusolo.

Mwana anali mmodzi yekha, Rhonda, namwino wa pachipatala cha m'tauni. Chaka chilichonse Khirisimasi ikangodutsa, Rhonda ankatenga tchuthi n'kukasaka agwape. Nyengo imeneyo ndi ya mfuti za gogodera zokha, zija zothira onga cha kukamwa, ndipo iye ankachita kubwereka ya anthu. A Hufnagel zinkawadya mumtima kuti mwana wa mmisiri aziyenda ndi mfuti yobwereka. Ndiye dzinja lisanayambe anaitanitsa bokosi la zipangizo, lija limabwera ndi mpope wachitsulo, tizitsulo ta pokhethemulira, ndi chipika cha mtengo wa mapulo chongosemedwa mwachisawawa. Zotsalazo zimadalira manja a wogula.

Pa mtengowo ndiye anathera mtima wonse. Anasemapo masamba ndi maluwa kuyambira kuthako mpaka kutsogolo, n'kulowetsamo timikuwa tonyezimira, dzina la Rhonda lili pakati. Akazi awo, mayi Verna, ankadandaula kwa anzawo kutchalitchi kuti alandidwa mwamuna ndi chipika, ndipo chakudya ankachita kupereka pawindo la garaja.

Tsoka linabwera masana ena. A Hufnagel ankabowola kabowo koti mpope ugwirane ndi mtengo, chobowolera n'kupitirira muyeso. Mmisiri wa matabwa amamva m'dzanja kuti mtengo watsala pang'ono kubowoka, koma chitsulo sichichenjeza munthu. Pochotsa chobowoleracho anaona kuti bowo ladya khoma la mpope cha kumunsi, kufupi ndi kumene onga umaphulikira. Kunangotsala kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo.

Loweruka m'mawa kunabwera a Lyle Stambaugh, mnzawo wa paubwana, amene anakalambira pa makina a zitsulo kufakitale. Ataonetsedwa mpope uja, anavala magalasi, n'kupisa kawaya m'kabowomo.

"Achimwene, mpope uwu watha," anatero. "Kauponyeni mumtsinje."

A Hufnagel anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano. Anati kabowo kochepa ngati diso la nkhuku sikangaphe ntchito ya miyezi iwiri, akatseka bwinobwino ndipo mtengo ukaphimba pamwamba. Mpope wina, atafunsa, anamva kuti ungafike mwezi wa Epulo. Komanso mtengo anali atausema kale molingana ndi mpope womwewu, moti wina ukanafuna kuti aphwanye maluwa ena. A Lyle anapukusa mutu. Anati ngati makani afika pamenepo, bolani aiyese patayala monga amachitira aliyense. Mfuti yopanga pakhomo munthu sayamba waiika paphewa. Amaimangirira kutayala lakutha la galimoto, n'kumanga chingwe chachitali pokhethemulira, iye n'kukabisala kuseri kwa mtengo waukulu n'kukoka. Ikaphulika, chovulala ndi tayala.

Apa ndiye a Hufnagel anakwiya zenizeni. Mfuti yopaka vanishi kasanu ndi katatu, aimangirire kutayala ngati mbuzi? Zingwezo zikakanda maluwa, abwezeretsa ndani? Izi n'zimene ananena. Koma ine amene ndikusimba nkhaniyi ndinkawadziwa bamboyu, ndipo ndikuuzani poyera kuti vanishi chinali chonamizira chabe. Ankaopa yankho la tayala.

"Inu a Lyle zitsulo mumazidziwa," anatero, "koma mantha ndiye munachita kupita nawo kusukulu."

"Mantha omwewo ndiwo andifikitsa pa imvi, madala. Mfutiyi mukufuna kupatsa mwana wanu."

Mawu amenewa anawalasa, koma m'malo mogonja anapeza njira yotsekera mnzawo pakamwa. Analonjeza kuti pa Khirisimasi aipereka ngati mphatso yongoonera, aipachike pakhoma, ndipo siilawa onga mpaka mpope watsopano utafika. Anapemphanso kuti mayi Verna asamve, angadandaule pachabe. A Lyle anakhulupirira, poti munthu amene unakula naye sumuganizira bodza, ndipo sabata ya Khirisimasi ananyamuka kukacheza kwa mwana wawo ku Ohio. A Hufnagel anatseka kabowo kaja, n'kubwezera mpope mumtengo. Ngakhale iwo eni, poyang'ana kunja, sakanaloza pamene panali chilema.

Pa Khirisimasi nyumba inadzaza. Atatha kudya nkhukundembo, Rhonda anamasula mphatso yake, ndipo ataona dzina lake pakati pa maluwa aja misozi inangoti mbwee. Mfuti inayenda dzanja ndi dzanja kuzungulira tebulo. Alamu awo a Hufnagel anati yotere sanaionepo ngakhale m'masitolo akuluakulu, apongozi a msuweni wina anaijambula pafoni, aliyense akuyamikira. Mawu oti mfutiyi ndi yapakhoma pokha anali pamlomo penipeni, koma kutamidwa kumakoma, abale. A Hufnagel anati anena akamwa khofi. Atamwa khofi anati anena alendo akachepa.

Sanapatsidwe mpata umenewo. Rhonda anavala chijasi chake n'kufunsa kumene kuli onga, poti nyengo yosaka inkatsegulidwa m'mawa mwake ndipo ankafuna kuizolowera mfutiyo dzuwa lisanapendeke. Anthu onse anatuluka kupita kuseri kwa khola, akuponda chipale chofewa chofika m'misongolo. Wina anaika dzungu pamwamba pa nsanamira ya mpanda. Rhonda anathira onga, n'kutsendera chipolopolo mwaudongo monga anamuphunzitsira bambo ake ali kamtsikana. Kenako anakweza mfuti, tsaya n'kuligoneka pamtengo. Malo obisika aja anali pakati pa nkhope yake ndi dzanja lake lamanzere.

"Taima kaye."

Onse anatembenukira kwa a Hufnagel. Khomo loululira zoona linali lotsegula pamenepa. Akanangoti mwanangu, ndinalakwitsa pobowola, tsitsa mfutiyo, manyazi ake akanatha tsiku limodzi. Koma anayang'ana alamu awo, anayang'ana alendo amene ankawatama posachedwapa, lilime n'kukhota. Anati mwambo wake ndi wakuti wopanga mfuti ndiye amayamba kuwomba. Panalibe amene anaumvapo mwambo umenewo, koma Rhonda anaseka, nati adadi nawonso nsanje, n'kuwapatsa. Mumtima a Hufnagel ankadzinyenga kuti ikapirira kamodzi ndiye kuti ili bwino, a Lyle angokhala amantha basi.

Anaiika paphewa n'kukhethemula. Kulira kwake sikunali kwa mfuti, kunali ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa ndi mphepo. Utsi utabalalika, dzungu linali chikhalire pansanamira. A Hufnagel anali chogwada, mfuti itathyoka pakati, chipale chowazungulira chikufiira. Mayi Verna anakuwa mpaka mawu kutha. Rhonda yekha ndiye sanataye mutu. Anavula mpango wa m'khosi, n'kumanga mkono wa bambo ake mwamphamvu, n'kuwathamangitsira kuchipatala pagalimoto yake, akuwalankhulitsa njira yonse kuti asakomoke.

Moyo unapulumuka, maso nawonso. Koma dzanja lamanzere linatsala ndi zala ziwiri, chachikulu chitapita. Wosema amagwira tchizulo ndi dzanja lina, nyundo ndi linalo, choncho umisiri wa zaka makumi anayi unathera kuseri kwa khola tsiku limenelo.

Anthu ankati ndi ngozi, ena n'kumatukwana opanga zipangizo kuti agulitsa chitsulo chowola. Ankatamanso a Hufnagel kuti ndi bambo weniweni, Mulungu anawanong'oneza kuti alande mfuti. Rhonda anatola zidutswa za mpope m'chipale muja kuti akadandaule nazo kukampani, ndipo a Lyle atabwerako ku Ohio anapita nazo kwa iwo kuti amuthandize kulemba kalata. Mkuluyo atangoona chidutswa chokhala ndi kabowo kotsekedwa kaja, analira ngati mwana. Anamuuza zonse, za bowo, za tayala, ndi za lonjezo lija.

Rhonda anapeza bambo ake atakhala pabedi m'chipatala, dzanja lili pamtsamiro. Anatseka chitseko, koma pampando sanakhale.

"Adadi, munkadziwa?"

A Hufnagel anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Bodza linali litawathera.

"Ndinkadziwa, mwanangu. N'chifukwa chake ndinakulanda."

"Munandilanda nditaiika kale patsaya," anatero Rhonda motsitsa mawu. "Koma poyamba munaikulunga m'pepala lokongola, n'kumangapo riboni, n'kundipatsa mukumwetulira."

Bambo amene sankagonja pa mkangano uliwonse anangoweramitsa mutu, misozi ikudonthera pabandeji.

A Hufnagel atatuluka m'chipatala, Rhonda ankabwera madzulo alionse akaweruka kudzatsuka bala lija. Ankalitsuka mosamala, ndi manja ofewa, monga amachitira ndi wodwala aliyense. Akamaliza ankatsanzika amayi ake n'kumapita. Zimenezi zinkawapweteka a Hufnagel kuposa zala zimene anataya, pakuti mwana amene kale ankakhala nawo m'garaja mpaka kuiwala nthawi, tsopano ankawapatsa ulemu wa mlendo.

Amene anaigwira mfuti ija patebulo la Khirisimasi mpaka lero amavomereza kuti yokongola chotero sanaionenso. Nanga akanadziwa bwanji, poti maso amathera pa vanishi? Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.